Kuphunzitsa mphuno: momwe mungayesere mafuta onunkhira musanasakanize perefyumu wanu woyamba

Mafuta oyamba amene ndinagula ochuluka ndinawaweruzira pakamwa pa botolo. Wogulitsa anatsegula n'kundiyandikizira kumphuno, ndipo fungo la zipatso ndi maluwa linandilowa mpaka kumutu. Ndinalipira theka la lita pomwepo, mtima uli dyokodyoko. Kunyumba ndinathira m'timabotolo ta roll-on, n'kugulitsa kwa anzanga a kuntchito ndi a kutchalitchi. Sabata isanathe, mayi wina wachikulire anandikokera pambali titaweruka mapemphero. "Achimwene," anatero motsitsa mawu, "mafuta anu aja m'mawa amanunkhira ndithu, koma dzuwa likangokwera ndimangomva ngati ndadzola sopo wochapira." Sananame. Nditadontheza papepala n'kulisiya patebulo, zipatso zija zinathawa pasanathe mphindi 20, n'kutsala kafungo kofooka ngati ka beseni latsopano lapulasitiki. Ndalama zinandiwawa, koma chimene chinandipweteka koposa n'chakuti anthuwo anagula chifukwa chokhulupirira ine.

Chimene chimatuluka pakamwa pa botolo ndi tizigawo topepuka tokhatokha, timene timathamangira kunja msanga n'kuphimba zonse zili pansi. Fungo limayenda ndi nthawi: lili ndi m'mawa wake, masana ake ndi usiku wake. Munthu wofuna kupanga perefyumu, kaya wogulitsa kaya wodzola yekha, ayenera kuyamba waphunzira kulitsatira ulendo wonsewo. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndimatsata mpaka lero pa botolo lililonse latsopano.

Dziwani kaye chimene chili m'botolo

Tonse timangoti "mafuta", koma alipo a mitundu itatu. Oyamba ndi ochokera ku chomera chimodzi, amene pabotolo amalembedwa kuti essential oil. Ambiri a iwo amatchezedwa ndi nthunzi, mofanana ndithu ndi momwe kachasu amatulukira mumpope, kupatula a malalanje ndi mandimu amene kawirikawiri amafinyidwa m'makoko. Mtengo wa mafuta otere umatsata thukuta lake. Kuti alimi a ku Kazanlak, m'dziko la Bulgaria, apeze kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi, pamafunika maluwa olemera matani 3 kapena 4, othyoledwa ndi manja m'mamawa. Wina akakupatsani botolo lalikulu la "rozi weniweni" pamtengo wa sopo, mwadziwa kale kuti si ameneyo.

Achiwiri ndi mankhwala a fungo limodzi opangidwa mu labotale. William Perkin anapanga coumarin mu 1868, vanillin anatsatira mu 1874, ndipo lero pafupifupi perefyumu aliyense wa m'sitolo amadalira zinthu zotere. Musazinyoze ngati zachinyengo. Sitiroberi ndi mavwende sizitulutsa mafuta otchezeka. Fungo lawo mukalimva m'perefyumu, dziwani kuti lamangidwa ndi manja a munthu.

Achitatu ndi amene ambirife timakumana nawo, ooda ku Dar es Salaam, Johannesburg kapena Dubai: fragrance oil. Awa ndi chisakanizo chimene fakitale yapanga kale, mwina cha zinthu makumimakumi, ndipo nthawi zambiri chimakhala chosungunulidwa m'madzi ena opanda fungo monga DPG. Funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale la mtengo. Mufunseni kuti mafutawo anapangidwira pakhungu kapena makandulo ndi sopo, chifukwa a makandulo ena sayenera kukhudza thupi la munthu. Pemphaninso pepala la IFRA. IFRA ndi bungwe la opanga zonunkhira, lokhazikitsidwa mu 1973, limene limaika malire a mlingo wa zinthu zotha kuwononga khungu. Papepalapo yang'anani mzere wa Category 4, womwe ndi wa perefyumu wodzola: nambala ili pamenepo ndiyo peresenti imene simuyenera kupitirira. Wogulitsa wopanda pepalali mukhoza kuphunzirira mafuta ake papepala, koma ine sindingadzoze nawo munthu.

Zipangizo

Si zambiri. Chodula ndi sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 galamu, yonga ya ogulitsa miyala ya mtengo wapatali. Kuwerenga madontho kumanamiza, pakuti dontho la mafuta olimba ngati a patchouli silifanana ndi dontho la mafuta amadzimadzi a ndimu. Mufunikanso timabotolo tagalasi tabulauni ta 10 ml, timapaipi tapulasitiki todonthezera, kamodzi pa mafuta alionse, zopanira zovala, ndi kope lolimba chikuto limene simudzalembamo china chilichonse.

Chosungunulira chikhale ethanol, mowa woyera wa 95 kapena 96 peresenti, wopanda fungo lina. Spiriti wapepo uja wa m'magolosale ayi: muli mankhwala oipa amene anathiramo dala kuti anthu asamwe, ndipo fungo lake lokha limakwirira zonse. Kachasu nayenso ayi, madzi ndi ambiri ndipo ali ndi fungo lakelake. Ngati perefyumu wanu adzakhala wa roll-on wopanda mowa, sungunulirani mu DPG, kungoti fungo limatuluka mochedwerapo. Ethanol amayaka msanga kwambiri, choncho magetsi akazima musagwire ntchitoyi pafupi ndi kandulo kapena mbaula.

Timapepala tonunkhizira, timene Afalansa amati mouillette, mungagule kapena kudula nokha. Pepala likhale lokhuthala, loyera, lomwa madzi, lopanda inki kapena zonyezimira. Lojambulira ndi utoto wamadzi limachita bwino. Dulani m'lifupi ngati chala chaching'ono, m'litali masentimita 12 kapena 15. Musanaligwiritse ntchito linunkhizeni lili louma. Mapepala ena amakhala atamwa kale fungo la sitolo.

Sungunulani, musanunkhize osasungunula

Aliyense amadziwa kuti Sobo wosasungunula sasonyeza kukoma kwake, amangowawa pakhosi. Mafuta onunkhira ndi chimodzimodzi. Mphamvu ikachuluka mphuno imatseka, ndipo mumamva phokoso m'malo mwa nyimbo. Mlingo wophunzirira ndi 10 peresenti: ikani kabotolo pasikelo, bwezerani sikelo pa ziro, donthezani galamu imodzi ya mafuta, kenako onjezani magalamu 9 a ethanol. Tsekani, khutchumulani pang'ono, ndipo lembani pomwepo dzina, peresenti, tsiku ndi kumene munagula. Musanene kuti ndilemba ndikamaliza onse. Timabotolo tabulauni tikakhala pamodzi timafanana ngati mapasa.

Zinthu zina n'zaukali moti 10 peresenti ikadali yambiri. Indole, ma aldehyde ndi cis-3-hexenol zimamveka bwino pa 1 peresenti. Kuti mufike pamenepo, tengani galamu imodzi ya zimene mwasungunula kale zija, muonjezere magalamu ena 9 a ethanol.

Musanaviike pepala, kwezani kabotoloko pa kuwala muone. Ngati madziwo ali mbee, zili bwino. Akachita chifunga, kapena timadontho tikamasambira tokha pansi, ndiye kuti mafutawo sakugwirizana ndi ethanol. Mwina anasakanizidwa ndi mafuta ena olemera kuti achuluke, mwina ethanol wanu ali ndi madzi ambiri. Lembani zimenezo m'kope. Ndipo ngati mungathe kupirira, kasiyeni kabotoloko masiku angapo m'kabati. Tsiku loyamba ukali wa ethanol umakhala pamwamba.

Malo ndi nthawi yake

Mphuno imakhala yakuthwa m'mawa, mutapuma, musanadye za anyezi ndi tsabola. Sankhani chipinda chodutsa mpweya koma chopanda mphepo yamphamvu, kutali ndi khitchini ndi utsi. Tsiku limenelo musadzole perefyumu kapena mafuta apathupi onunkhira, ndipo m'manja musambe ndi sopo wopanda fungo. Mukadwala chimfine, ingosiyani mpaka mutachira; chilichonse chimene mungalembe pa nthawiyo chidzakusocheretsani.

Poyamba musapitirire mafuta atatu kapena asanu pa nthawi imodzi. Ndikudziwa kuti katundu akangofika mtima umafuna kutsegula onse, koma pofika pa botolo lachisanu ndi chiwiri zonse zimamveka chimodzimodzi.

Kununkhiza kwenikweni

Lembani dzina la mafuta ndi nthawi kumapeto kumodzi kwa kapepala musanaviike. Mbali inayo viikani sentimita imodzi yokha. Pindani pang'ono kunsonga yonyowayo kuti iloze kumwamba, kapena kapanireni ndi chopanira zovala n'kukaimika, kuti kasakhudze tebulo kapena kanzake. Dikirani masekondi 20 kapena 30 kuti ethanol auluke. Mukafulumira, mowawo umaluma m'mphuno n'kuigonthetsa kwa kanthawi.

Kenako kabweretseni pafupi, motalikira ngati zala ziwiri kuchokera pamphuno, osakhudza. Musakoke mpweya wautali ngati mukufuna kumira m'madzi. Kokani pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, monga amachitira galu akamatsata fungo, kenako kachotseni. Tsekani maso ngati zikukuthandizani. Mawu oyamba amene abwera m'mutu alembeni msanga, ngakhale aoneke achibwana, chifukwa kachiwiri mphuno imakhala itayamba kale kuzolowera.

Kuzolowera kumeneku ndi mdani wamkulu. Mukalowa m'nyumba imene akukazinga usipa mumamva pomwepo, koma pakatha mphindi zochepa simumvanso kanthu ngakhale nsombayo ikadali pamoto. Mphuno inalengedwa kuti izisiya fungo lokhalitsa n'kumadikira latsopano. M'masitolo ena amaika khofi patebulo kuti akuti amatsuka mphuno. Khofi ndi fungo linanso lamphamvu, longoonjezera katundu pa mphuno yotopa kale. Chothandiza ndi kununkhiza mkono wa malaya anu kapena mkati mwa chigongono chanu, pamene pali fungo limene thupi lanu silimaliwerengera, kapena kutuluka panja mphindi zisanu n'kumwako madzi.

Bwererani, bwererani, bwereraninso

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene ine ndinalakwitsa. Kapepala kaja musakataye. Kanunkhizeninso pakatha mphindi 15, pakatha ola limodzi, pakatha maola 4, madzulo musanagone, m'mawa mwake, tsiku lachitatu, ndipo ngati pakadali kanthu, pakatha sabata. Nthawi iliyonse lembani mzere umodzi kapena iwiri.

Mudzaona ndi mphuno yanu chimene ogulitsa amachitchula kuti top, middle ndi base notes. Ine ndimati fungo lakutsogolo, lapakati ndi lotsalira. Mngelezi wina wodziwa za perefyumu, William Poucher, anachita ntchito yomweyi pa zinthu zambiri, n'kuziika pa mlingo wochokera pa 1 mpaka 100 malinga ndi kukhalitsa kwake papepala: 1 mpaka 14 zakutsogolo, 15 mpaka 60 zapakati, 61 mpaka 100 zotsalira. Ndimu ndi lalanje zimabwera ndi chimkokomo koma sizichedwa kutsazika. Rozi ndi geranium zimakhala nanu mbali yaikulu ya tsiku. Patchouli, sandalwood ndi vetiver mumazipezabe papepala patapita masiku. Kuwerenga zimenezi n'kosavuta. Kuzimva nokha pa timapepala titatu toimikidwa pamodzi n'kumene kumazikhomereza m'mutu.

Pa fragrance oil, amene ndi chisakanizo kale, ine ndimasaka zinthu zitatu. Choyamba ndi dzenje: nthawi imene fungo lakutsogolo latha koma lapakati silinadzuke, kapepala n'kungokhala zii. Chachiwiri ndi kutembenuka: fungo limene linayamba lokoma n'kusanduka lowawasa, lachitsulo, kapena la mankhwala ophera tizilombo. Chachitatu ndi chotsalira chenichenicho, chifukwa chimenecho ndicho kasitomala adzakhale nacho pa malaya kuyambira masana mpaka madzulo. Zinthu zokhalitsa zabwino zimadula, choncho mafuta otchipa nthawi zambiri amavala bwino kutsogolo n'kusiya kumbuyo kuli pamtunda. Mphindi zoyamba zimagulitsa botolo loyamba, koma amene amabweretsanso kasitomala ndi maola otsirizawo.

Lembaninso momwe kunja kunalili. Kutentha kumafulumizitsa zonse. Mafuta amene akhala maola ambiri mu June ku Dedza akhoza kutha msanga mu October ku Nsanje, ndipo fungo la shuga limene limasangalatsa kukazizira limatha kulemera mpaka kuchititsa nseru m'minibasi yodzaza masana.

Lembani m'mawu anuanu

M'kope langa ndinadziletsa mawu awiri: "amanunkhira bwino". Mawu amenewa sanena kanthu, ndipo pakatha mwezi sangakukumbutseni chilichonse. Musakoperenso mawu a pabotolo. Fungo limagwira m'mutu likamangiriridwa ku chinthu chimene munakhalapo nacho, ndipo zimene ife tinakulira nazo n'zokwanira. Nazi zina mwa zimene ndinalemba m'miyezi yoyamba.

Pa cis-3-hexenol ndinalemba kuti bwalo la sukulu ana atangotchetcha, pakatha ola palibe. Pa mafuta a mandarin, kusenda nachesi m'basi pa Mwanza. Pa coumarin, kulowa m'chigafa fodya atauma, pamodzi ndi kafungo ka udzu wofolera nyumba. Pa clove, chipatala cha mano. Pa cedarwood, pensulo yongosongola kumene, ndiponso kabokosi ka mkungudza ka ku Mulanje. Pa ethyl maltol, shuga wopserera pansi pa poto. Pa patchouli, sutikesi ya agogo imene yakhala pansi pa bedi dzinja lonse. Pa indole ndinalemba timibulu toyera tothamangitsira njenjete, koma nditabwerera patapita nthawi ndinaonjezera kuti duwa lonunkhira usiku. Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti indole alimodi m'maluwa a jasmine.

Vetiver ndiye anandidabwitsa. Nditanunkhiza ndinamva muzu wozulidwa m'dothi lonyowa, ndi utsi wa patali, ngati tsiku la chizimalupsa. Ndiye udzu womwe uja wa vetiva umene alangizi a zaulimi amatiuza kudzala pa akalozera kuti nthaka isakokoloke. Mafuta ake amatchezedwa ku mizu, ndipo dziko la Haiti ndi limene limatchuka nawo kwambiri. Tsiku lotsatira ndinapita kumunda, ndinakumba kamuzu, n'kukatikita m'manja. Kuyambira pamenepo sindinamusokonezeponso vetiver ndi china chilichonse. Chitani chimodzimodzi ndi zimene muli nazo pafupi: tikitani tsamba la bulugamu, la mpungabwi, la ndimu, nunkhizani lubani asanamuotche, khungwa la sinamoni, ginger wongodula. Mphuno imaphunzira tsiku lonse, osati patebulo pokha.

Pansi pa mawu ofanizira amene mwalembawo yankhani timafunso tochepa tomwetomweto pa mafuta alionse, kuti mudzathe kuyerekeza. Mphamvu yake ndi yotani, kuyambira 1 mpaka 5? Kodi limafika patali, kapena mpaka mutayandikira? Kuti mudziwe, siyani kapepalako m'chipinda, tulukani, tsekani chitseko, ndipo pobwerera muone pamene fungolo likukulonjerani: pakhomo, pakati pa chipinda, kapena patebulo penipeni. Lotsekemera kapena louma? Lofunda kapena lozizira? Pali kafungo kachilendo kobisala pansi? Pomalizira penipeni m'pamene mungalembe ngati mwalikonda kapena ayi, ndipo dziwani kuti yankho limeneli limasintha. Zinthu zambiri zonunkha pazokha ndi zimene zimapatsa perefyumu moyo zikakhala kadontho chabe.

Yambani ndi zosiyana, kenako za banja limodzi

Jean Carles, amene anayambitsa sukulu ya opanga perefyumu ya kampani ya Roure ku Grasse, m'dziko la France, mu 1946, ankaphunzitsa ophunzira ake mwa njira imene ikugwirabe ntchito. Poyamba ankawapatsa zinthu zosiyana kwambiri, chimodzi kuchokera m'banja lililonse, kuti mphuno igwire malire akuluakulu. Akazidziwa, m'pamene ankawalowetsa m'banja limodzi kuti aphunzire kusiyanitsa abale ofanana nkhope.

Inunso teroni. Sabata yoyamba tengani ndimu, rozi, cedarwood, clove ndi vanila. Palibe angasokoneze zimenezi, ndipo mtima umalimba. Sabata yachiwiri tengani zina zisanu zosiyananso, monga lavender, patchouli, peppermint, ylang-ylang ndi lubani, koma m'mawa uliwonse muyambe mwabwereza za sabata yatha. Mukafika pa zinthu 20 kapena 30, ikani pamodzi ndimu, lalanje, bergamot, mandarin ndi grapefruit. Apa ndiye ntchito imakula. Mudzayamba kumva kuti bergamot ali ndi kaduwa ndi kuwawira kwa tiyi, pamene lalanje ndi lotsekemera poyera. Kenako chitani mitengo yokhayokha, kenako maluwa oyera okhaokha.

Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Loweruka lokha. Ngati mukukayika kuti mphuno imaphunzitsika, dziwani kuti ngakhale madokotala amadalira zimenezi. Thomas Hummel wa ku Dresden, m'dziko la Germany, anasonyeza mu 2009 kuti anthu amene anasiya kumva fungo ankapezako bwino ponunkhiza rozi, bulugamu, ndimu ndi clove kawiri pa tsiku kwa masabata 12, ndipo njira yomweyi inathandiza ambiri amene mphuno zawo zinafa ndi COVID-19. Ngati mphuno yodwala imatha kudzuka, yanu yamoyoyo ingalephere bwanji?

Dziyeseni musakuona dzina

Maso amanamiza mphuno. Mukawerenga kuti "vanila", mumamva vanila ngakhale atakhala wochepa. Choncho kamodzi pa sabata pemphani wina wa pakhomo kuti akuviikireni timapepala tisanu, alembepo manambala okha, mayina asunge yekha. Inu nunkhizani, lembani mayankho, kenako muyerekeze. Zimene mwaphonya musazichitire manyazi. Ziikeni pamodzi ndi zimene munazisokoneza nazo, mufufuze pamene zasiyanira, ndipo mulembe kusiyanako.

Palinso mayeso a timapepala titatu, amene amagwiritsidwa ntchito m'mafakitale a zakudya ndi zonunkhira. Ndi othandiza kwambiri pamene ogulitsa awiri ali ndi mafuta a dzina limodzi koma mitengo yosiyana. Mnzanuyo aviike tiwiri m'botolo limodzi, kamodzi m'botolo linalo, asakanize, ndipo inu mupeze kosiyanako. Popeza ngakhale wongolota amakhoza kamodzi pa katatu, bwerezani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Chitani timapepala tili tatsopano, mubwerezenso pakatha maola 4 ndi m'mawa mwake. Kawirikawiri poyamba amafanana, kusiyana kumadzaonekera kumapeto. Ngati mwalephera kusiyanitsa pa nthawi zonsezo, gulani otchipawo ndi mtima wokhazikika.

Pamene vuto lili pa mphuno yanu

Nthawi zina mudzaviika pepala osamva kanthu, n'kuganiza kuti akuberani. Musathamangire kukalalata. M'mphuno mwa munthu muli mitundu pafupifupi 400 ya tizigawo tolandira fungo. Linda Buck ndi Richard Axel, amene anatulukira momwe tizigawoti timagwirira ntchito, analandira mphoto ya Nobel mu 2004. Tizigawoti sitifanana mwa anthu onse. Alipo ambiri amene samva mitundu ina ya zonunkhira zokhalitsa zotchedwa musk, monga Galaxolide, pamene wa pambali pawo akuimva bwino lomwe. Zonunkhira zina za mu labotale, Iso E Super ndi Ambroxan, zimamveka, n'kusowa, n'kubweranso. Ma ionone, a fungo la duwa la violet, amachitanso chimodzimodzi.

Zikatero, kasiyeni kapepalako patebulo n'kupita kukachita zina. Nthawi zambiri fungolo limakupezani lokha mukamadutsa. Yesaninso pa 1 peresenti, chifukwa zina zimamveka bwino zikachepa. Ndipo funsani anthu awiri kapena atatu a pakhomo. Mukapeza kuti pali chinthu chimene inu simuchimva koma ena akuchimva, chilembeni ndi zilembo zazikulu kutsogolo kwa kope lanu. Ngozi yake ndi yakuti mudzathira chambiri pofuna kuchimva, makasitomala n'kumadwala mutu.

Pakhungu ndi pansalu

Khungu limabwera pomalizira, pa mafuta okhawo amene apambana papepala ndipo ali ndi pepala la IFRA. Pakani kadontho ka osungunula mkati mwa chigongono, musiye tsiku limodzi kapena awiri. Pakafiira, pakayabwa kapena pakatuluka nsungu, sambani ndipo mafutawo muwasiye. Samalani kwambiri ndi bergamot wofinyidwa m'makoko: muli bergapten, amene akakumana ndi dzuwa amaotcha khungu n'kusiya zipsera zakuda zokhalitsa. IFRA imalola 0.4 peresenti yokha m'zodzola zotsala pakhungu, ndipo ndi dzuwa lathuli si nkhani yoseweretsa. Wolembedwa kuti FCF ndi amene anachotsedwa chinthu chimenechi. Sinamoni ndi clove nazonso zimaluma khungu zikachuluka.

Khungu likavomera, dzolani tsiku lonse la ntchito, muyende nawo padzuwa, mutuluke nawo thukuta. Thupi ndi lofunda, choncho zonse zimathamanga kuposa papepala, ndipo khungu louma limataya fungo msanga kuposa lamafuta. Pemphani anthu ena awiri adzolenso, mumve kusiyana kwake. Donthezaninso pa kansalu koyera n'kukasunga sabata imodzi. Mafuta okhala ndi vanillin wambiri amada m'kupita kwa nthawi, ena amasiya banga losachoka, ndipo simungafune kuti zimenezi zikaonekere pa bulauzi yoyera ya amayi a mvano.

Kugula ndi kusunga mboni

Mukadutsa zonsezi ndiye mwafika pogula. Kwa wogulitsa watsopano yambani ndi 5 kapena 10 ml, ngakhale atakunyengererani kuti katundu akutha. Amene amadalira katundu wake sakana kugulitsa pang'ono. Mafutawo asungeni m'galasi, otseka bwino, m'kabati yamdima ndi yozizirirapo, osati pawindo kapena pamwamba pafupi ndi malata. A malalanje ndi mandimu ndiwo amaonongeka msanga akamakumana ndi mpweya, kutentha ndi kuwala; fungo lawo limayamba kupita ku thinala wa penti, ndipo akafika pamenepo amayabwitsanso khungu. Botolo likatsala theka, tsanulirani m'laling'ono kuti mpweya uchepe. Zonse zikhale pamene ana sangafike.

Pa mafuta alionse amene mwawavomereza, patulani 2 ml m'kabotolo kakekake, mulembepo tsiku ndi nambala ya batch ngati ilipo, ndipo musakagwiritse ntchito posakaniza. Ine ndimakatcha mboni. Dzina la pabotolo likhoza kukhala lomwelo chaka chamawa koma zam'kati zitasintha, mwina chifukwa fakitale yasintha kapangidwe, mwina chifukwa wina panjira waonjezeramo DPG kuti malita achuluke. Oda yatsopano ikafika, sungunulani pang'ono pa 10 peresenti, sungunulaninso mboni ija pa mlingo womwewo, itanani wokuviikirani timapepala titatu, ndipo botolo lalikululo likhale chitsekere mpaka mutanunkhiza timapepalato m'mawa wa tsiku lotsatira.